Ranchi Ikasanduka Mapuloti: Kugula Malo M'mapiri a Colorado

Aliyense amene anasakapo puloti kunja kwa tauni amadziwa mafunso amene munthu amayamba nawo. Mwini wake weniweni ndani? Malire akuthera pati? Anthu a kuno amatunga kuti madzi? Nanga mvula ikagwa, galimoto imafika? Wogula wanzeru amapita yekha kukaponda malowo, amazungulira malire ndi mboni, amacheza ndi oyandikana nawo, ndipo ndalama amatulutsa pomaliza.

Kumadzulo kwa dziko la America kuli msika wa malo kumene anthu ambiri amayamba ndi kulipira, kukaona n'kubwera pambuyo. Malowo ndi mapuloti odulidwa pa mafamu akale a ng'ombe, m'tsinde mwa mapiri aatali otchedwa Rocky Mountains, m'zigawo monga Colorado, Montana, Wyoming ndi New Mexico. Chithunzi chotsatsira malonda chimakopa ndithu: chidikha cha udzu, mitengo ya paini, nsonga za mapiri zoyera ndi chipale chofewa. Mtengo wa mapuloti ena umachepa kuposa wa galimoto yoyendapo kale. M'nkhani ino tiona kumene malo amenewa anachokera, ndiponso chimene chimatsitsa mtengo wake chonchi. Tikhazikika kum'mwera kwa Colorado, chifukwa kumeneko nkhaniyi inaonekera poyera kwambiri.

Chifukwa chake ranchi imakhala yaikulu

Ranchi ndi famu yoweta ng'ombe kapena nkhosa pa msipu wachilengedwe, ziweto zikumadya zokha pa malo aakulu zedi. Chimene chimakulitsa ranchi ndi kuuma kwa dziko. Tauni ya Alamosa, m'chigwa cha San Luis, ili pamwamba mamita pafupifupi 2,300 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mvula ndi chipale zonse pamodzi nthawi zambiri sizifika mamilimita 200 pa chaka. Udzu umamera patalipatali, ndipo ukadyedwa umachedwa kuphukanso. Pa malo otere ng'ombe imodzi ndi mwana wake zimafuna maekala makumi angapo kuti zidye chaka chonse.

Boma la America linachedwa kumvetsa zimenezi. Litakankhira kutali eni dziko, monga anthu a mtundu wa Ute, linayamba kugawa malo kwa obwera. Lamulo la 1862 lotchedwa Homestead Act linkapatsa banja maekala 160, bola likhalepo ndi kugwirapo ntchito zaka zisanu. Kum'mawa kwa dzikolo, kumene mvula ndi yokwanira, malo amenewa ankadyetsa banja. Kumapiri sizinali choncho. Mu 1878 katswiri wina woyeza dziko, John Wesley Powell, analembera boma lipoti lonena kuti m'madera ouma famu ya ziweto iyenera kukhala ya maekala osachepera 2,560. Andale sanamumvere. Mabanja ambiri analephera, n'kugulitsa malo awo kwa anzawo amene anagwira mitsinje ndi akasupe, ndipo umu ndi mmene maranchi ambiri anakulira.

Mfundo imeneyi tiisunge, chifukwa zonse zotsatira zatsamira pa iyo. Dziko limeneli linkasunga banja pokhapokha likhale lalikulu, ndiponso likhale ndi madzi penapake. Mukalidula zidutswa 500, kasupe uja amagwera chidutswa chimodzi. Zina 499 zimatsala ndi udzu, mphepo ndi mapiri okongola.

Mmene kudula kunayambira

Mlimi wa ng'ombe sagulitsa ranchi chifukwa chodana nayo. Kawirikawiri amakhala atakalamba, ana anapita m'tauni, phindu la ng'ombe ndi lochepa, pamene mtengo wa malowo ukukwera chifukwa anthu a ku Denver, Texas ndi California akusilira mapiri. Makolo akamwalira, ana atatu kapena anayi sangagawane ng'ombe n'kukhala nazo moyo onse, koma ndalama akhoza kugawana. Pamenepo ndiye pamafika kampani yogula malo n'kudula.

Chitsanzo chotchuka ndi cha Malcolm Forbes, mwini magazini ya zamalonda ya Forbes. Mu 1969 anagula Trinchera Ranch, ranchi yaikulu kwambiri pafupi ndi tauni ya Fort Garland, moyang'anana ndi phiri la Blanca Peak lotalika mamita oposa 4,300. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anadula mbali ina kukhala mapuloti a maekala asanu kapena kuposerapo, n'kuwatcha Sangre de Cristo Ranches, ndipo anawatsatsa m'manyuzipepala ndi m'magazini. Pambuyo pake kunabweranso Forbes Park ndi Forbes Wagon Creek Ranch. Makampani ena anachita chimodzimodzi m'chidikha cha kumunsi, kumene kulibe ngakhale mtengo wa mthunzi. Anapalasa misewu ya dothi yowongoka ndi mathirakitala, n'kugulitsa mapuloti kudzera pa positi kwa anthu okhala kutali, amene ankalipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Ambiri mwa ogulawo sanapondepo n'kamodzi komwe.

Zimenezi zinachitika m'dera lotchedwa Costilla County. Kaunti ndi boma laling'ono lokhala ndi khonsolo yake, monga maboma athu. Anthu onse a ku Costilla ndi pafupifupi 3,500, koma mapuloti opanda nyumba alipo masauzande ambirimbiri.

Chinyengo pa malonda a malo a kutali chinali chitakula kale m'dziko lonselo, kotero kuti mu 1968 boma linakhazikitsa lamulo lokakamiza makampani akuluakulu ogulitsa mapuloti kupereka kwa wogula chikalata chofotokoza za madzi, misewu ndi magetsi asanasaine. Colorado nayo inaika lake mu 1972, lodziwika kuti Senate Bill 35. Lamuloli linati aliyense wodula malo m'zidutswa zochepera maekala 35 ayambe wapeza chilolezo cha kaunti, ndipo asonyeze kumene madzi adzachokere. Cholinga chinali chabwino, koma linasiya khomo lotseguka: zidutswa za maekala 35 kapena kuposa sizifuna chilolezo chotere. Odula malo anangosintha muyezo. Lero mukayenda m'mapiri a Colorado mupeza nyumba imodzi apa, ina uko, iliyonse pa maekala 35 ake. Malo oterewa amawatcha ranchette, kutanthauza karanchi. Ndi aakulu moti munthu mmodzi sangawasamale ndi manja, komanso ndi aang'ono moti sangadyetse banja ndi ng'ombe.

Madzi ali ndi mwini wake

Apa ndi pamene ogula ambiri amagwira njakata, ndipo tifatsepo. Ku Colorado nthaka ndi madzi ndi katundu wosiyana. Mtsinje ukhoza kudutsa pakati pa puloti yanu, koma mulibe ufulu woupatutsa kuti muthirire dimba, kapena woutseka kuti mupange damu. Madziwo amakhala kuti ali ndi eni ake kumunsi kapena kumtunda, ndipo ufulu wawo unalembedwa kukhoti.

Lamulo lake ndi lakuti woyamba kugwiritsa ntchito madzi ndiye woyamba kulandira. Ufulu uliwonse uli ndi tsiku lake lobadwa. Chaka cha chilala, amene ufulu wake ndi wakale amatenga gawo lake lonse, ndipo wa ufulu watsopano amatsekeredwa ngakhale mbewu zake zikufota. Dongosololi linalowa m'malamulo aakulu a Colorado mu 1876, ndipo khoti lalikulu la chigawocho linalitsimikiza mu 1882. Ufulu wakale kuposa wonse umene ukugwirabe ntchito ndi wa ngalande yotchedwa San Luis People's Ditch, ya mu 1852, imene inakumbidwa ndi mabanja olankhula Chisipanishi ochokera ku New Mexico, omwe anakhazikitsa tauni ya San Luis mu 1851. Ngalande za mtundu umenewu amazitcha acequia, ndipo mudzi wonse umaziyang'anira pamodzi.

Tsono ranchi ikamagulitsidwa, ufulu wa madzi ndi umene nthawi zambiri umakhala wamtengo wapatali kuposa nthaka. Wodula malo akhoza kuugulitsa paokha kwa alimi ena kapena kwa mzinda. Wogula puloti amalandira dothi louma.

Ndiye kukumba mjigo? Nakonso kumafuna chilolezo chochokera ku ofesi ya zamadzi ya chigawo, Division of Water Resources, chifukwa madzi a pansi amalumikizana ndi a m'mitsinje. Apa nambala ya 35 ikubweranso. Mwini maekala 35 kapena kuposa kawirikawiri amaloledwa mjigo wopopa malita osapitirira 57 pa mphindi, wokwanira nyumba mpaka zitatu, ziweto, ndi kuthirira ekala imodzi. Mwini puloti yaing'ono, monga ya maekala asanu, nthawi zambiri amapatsidwa chilolezo cha madzi a m'nyumba mokha: kumwa, kuphika, kusamba, kuchapa. Kuthirira masamba panja kapena kumwetsa kavalo n'koletsedwa. Munthu amene anagula malo ndi maloto olima chakudya chake amazindikira zimenezi ndalama zitapita kale. Ngakhale madzi a mvula ochokera padenga anali ndi malamulo okhwima mpaka 2016, pamene boma linalola nyumba iliyonse kusunga migolo iwiri, yonse pamodzi malita pafupifupi 416.

Chilolezo chikapezeka, madzi enieniwo sakhala otsimikizika. M'phiri mjigo umaboola thanthwe, nthawi zina mamita oposa 100, ndipo okumba amalipiritsa malinga ndi kuya kwa dzenje, madzi apezeke kapena asapezeke. Si zachilendo kuti mjigo udye ndalama zoposa mtengo wa puloti. N'chifukwa chake ambiri amagula thanki yaikulu, n'kumakatenga madzi ku tauni pa pikapu. M'chilimwe zimatheka. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, pamene kuzizira ku Alamosa kumatsika mpaka madigiri 20 kapena 30 pansi pa ziro, madzi amaundana m'mapaipi ndi m'thanki momwe.

Msewu, magetsi ndi chimbudzi

Msewu umene ukuoneka pa mapu si umboni wakuti mufika. Misewu yambiri ya m'mapuloti amenewa si ya kaunti, choncho kaunti siikonza ndipo siichotsa chipale. Puloti ina ilibe n'komwe njira yovomerezeka, ndipo kuti mufike muyenera kudutsa pa malo a wina. Ufulu wodutsa umenewu, umene amautcha easement, uyenera kukhala wolembedwa m'kaundula wa kaunti. Mawu a pakamwa a wogulitsa sathandiza tsiku limene mnansi watsopano wakhoma geti ndi loko.

Magetsi a pa mzere amathera kutali, ndipo kuwakoka mwini puloti amalipira yekha, choncho ambiri amadalira sola, pakuti dzuwa kumeneko n'lambiri. Chimbudzi chokumba wamba sichiloledwa pa nyumba yokhalamo. Pamafunika thanki ya sepitiki yovomerezedwa ndi kaunti, ndipo pa thanthwe kapena pa malo otsetsereka ntchito imeneyi imadula.

Mapuloti ena ali pansi pa bungwe la eni malo, limene limatolera ndalama chaka ndi chaka zokonzera misewu, n'kuika malamulo a kukula kwa nyumba ndi zimene munthu angaike pabwalo. Kumene kulibe bungwe, malamulo a kaunti amagwirabe ntchito. Mu 2015 ku Costilla kunabuka mkangano waukulu pamene akuluakulu a kaunti anayamba kukhwimitsa malamulo pa anthu okhala m'makalavani ndi m'zisakasa pa mapuloti awo popanda sepitiki ndi zilolezo. Anthuwo ankafunsa kuti zingatheke bwanji kuletsedwa kugona pa malo amene anagula okha. Ambiri mwa iwo ndi osauka, ena ndi asilikali opuma, ena odwala, amene lendi ya m'tauni inawakanika. Mtolankhani Ted Conover anakhala nawo zaka zingapo, n'kulemba buku la Cheap Land Colorado, limene linatuluka mu 2022. Bungwe lachifundo la La Puente, la ku Alamosa, limawayendera ndi nkhuni ndi thandizo lina m'nyengo yozizira. Anthu amenewa si opusa ayi. Anagula chimene ndalama zawo zinakwanitsa, ndipo amene ayenera kufunsidwa ndi amene anadula dziko lopanda madzi n'kulitcha malo a nyumba.

Ena amene ali ndi gawo pa malo anu

Choyamba, chikalata cha umwini chikhoza kukupatsani pamwamba pokha. Lamulo la 1916 lopereka maekala 640 kwa oweta ziweto linasiya chuma chonse cha pansi panthaka m'manja mwa boma, ndipo eni maranchi ena anagulitsa okha ufulu wa migodi kalekale. Mwini wa zapansi ali ndi ufulu wolowa pa malo kudzafuna mafuta, gasi kapena miyala, ngakhale nyumba yanu ili pomwepo, malinga atsate malamulo. N'chifukwa chake ogula osamala amalipira kampani yofufuza mbiri yonse ya chikalata, kuphatikizapo ngongole ndi misonkho yotsalira, ndiponso amaitana saveya kudzapeza zikhomo za malire.

Chachiwiri ndi ng'ombe. Ku Colorado si udindo wa mwini ng'ombe kuzitsekera. Amene sakuzifuna pa malo ake ndiye amange mpanda. Lamulo limafotokoza ndi mpanda womwe: mizere itatu ya waya waminga, nsanamira zolimba zotalikirana mamita pafupifupi 6. Ngati mulibe mpanda wotere, ng'ombe za mnansi zikadya maluwa anu simungalipiritse. Komabe ena amazilandira ndi manja awiri, chifukwa malo obwereketsa msipu amawerengedwa ngati a ulimi, ndipo msonkho wake umatsika kwambiri. Kusamvana kwa obwera ndi alimi kunakula moti mkulu wina wa Larimer County, John Clarke, analemba kabuku kochenjeza ofuna kusamukira kumudzi kuti asayembekeze zokoma za m'tauni, ndipo makaunti ambiri anakatengera.

Chachitatu ndi chozama, ndipo owerenga odziwa za malo a makolo achimva msanga. Kum'mawa kwa tauni ya San Luis kuli phiri limene anthu a kumeneko amalitcha La Sierra. Mabanja a m'chigwa ankadyetsako ziweto, kutola nkhuni ndi kudula milimo kuyambira nthawi ya makolo awo, potsatira chikalata cha 1863 cha Charles Beaubien, amene anawaitana kudzakhala m'deralo. Mu 1960 Jack Taylor, wamalonda a matabwa wochokera ku North Carolina, anagula maekala pafupifupi 77,000 a phirilo n'kutchinga mpanda. Anthu anakasuma mu 1981. Mlandu unayenda zaka zoposa 20, ndipo mu 2002 khoti lalikulu la Colorado linagamula, pa mlandu wa Lobato v. Taylor, kuti ufulu wa msipu, nkhuni ndi milimo ubwerere kwa eni malo a m'chigwa. Malo amene wotsatsa amawajambula ngati opanda munthu amakhala ndi anthu amene akhala akuwadalira kwa mibadwo isanu kapena isanu ndi umodzi.

Moto

Nkhalango za paini za m'mapiri amenewa zimapsa mwachilengedwe, ndipo chilala cha zaka zaposachedwa, pamodzi ndi tizilombo toumitsa mitengo, chaonjezera nkhuni. Mu Juni 2018 moto wotchedwa Spring Creek Fire unayamba pafupi ndi Fort Garland, n'kutentha maekala oposa 108,000 ndi nyumba pafupifupi 140, zambiri za ku Forbes Park. Unayambitsidwa ndi munthu. Mu 2020 moto wa Cameron Peak, kumpoto kwa chigawochi, unatentha maekala oposa 200,000.

Ranchi ikapsa, mwini wake amataya msipu ndi mipanda. Mapuloti akapsa, ozimitsa moto, amene kumudzi ambiri ndi odzipereka chabe, amayenera kuteteza nyumba zomwazikana m'misewu yopapatiza, ina yokhala ndi potulukira pamodzi. Akatswiri amalangiza kulambula mitengo ndi zitsamba mamita 9 mpaka 30 kuzungulira nyumba, komanso kufolera ndi zinthu zosagwira moto. Makampani a inshulansi anayamba kukweza mitengo kapena kukana nyumba za m'nkhalango, mpaka mu 2023 Colorado inakhazikitsa lamulo loyambitsa inshulansi yapadera ya anthu okanidwa kwina konse.

Dziko lenilenilo limasintha

Ambiri ogula mapuloti amakonda chilengedwe moona mtima, ndipo amadabwa kumva kuti kubwera kwawo kumachiwononga. Mbawala zazikulu zotchedwa elk zimatsika m'mapiri nthawi yozizira kudzadya m'tsinde, pamalo pomwe nyumba zimamangidwa. Msewu uliwonse, mpanda uliwonse ndi galu aliyense zimadula njira zawo. Zimbalangondo zimazolowera zinyalala za anthu, kenako n'kuphedwa. Akavalo awiri otsekeredwa pa maekala ochepa amamaliza udzu mpaka dothi, ndipo pamalopo pamamera udzu wachilendo monga cheatgrass, umene umauma msanga n'kumathamangitsa moto. Ofufuza a ku Colorado State University, mmodzi mwa iwo Richard Knight, atayerekeza maranchi, timaranchi ndi malo otetezedwa kumpoto kwa chigawochi, anapeza kuti pa timaranchi pamachuluka zomera zachilendo, agalu ndi amphaka, pamene mbalame zina za m'tchire zimachepa.

Njira ina yoletsa kudula ilipo. Mwini ranchi akhoza kusaina pangano losatha lakuti malowo sadzadulidwanso mapuloti, iye n'kupitiriza kuweta, ndipo boma limamuchepetsera msonkho. Gawo la Trinchera limene linatsala losadulidwa linagulidwa ndi Louis Bacon mu 2007 pa mtengo wa madola 175 miliyoni, ndipo mu 2012 iye anaika maekala oposa 160,000 pansi pa pangano lotere. Kwa ine njira yabwino kuposa kumwaza nyumba pa maekala 35 aliwonse ndi imene makaunti ena amalimbikitsa: nyumba zimangidwe moyandikana pa ngodya imodzi, msewu ndi madzi zikhale zogawana, dziko lotsala likhalebe msipu.

Kwa amene waona chithunzi pa foni

Masiku ano mapuloti amenewa amatsatsidwa pa intaneti, pa Facebook ndi pa YouTube, ndipo otsatsa ambiri ndi adobadoba amene anagula motchipa kwa anthu otopa ndi msonkho. Ambiri amalola kulipira mwezi ndi mwezi, koma pa mapangano ena chikalata cha umwini chimakhalabe m'dzina la wogulitsa mpaka ndalama yomaliza, ndipo mukalephera pakati mukhoza kutaya malo ndi ndalama zomwe. Msonkho wa kaunti umabwera chaka chilichonse, mumangepo kapena ayi, ndipo ukaunjikana malowo akhoza kulandidwa.

Ku Colorado munthu wa dziko lina saletsedwa kugula puloti, koma kukhala ndi malo ku America sikupereka viza kapena chilolezo chokhala m'dzikolo. Ngati inu kapena m'bale wanu amene ali kumeneko akuganiza zogula, ayambe waimbira ofesi ya zamadzi kufunsa mtundu wa chilolezo cha mjigo chimene pulotiyo ingalandire, afunse kaunti ngati msewu wake ndi wa boma, ndipo akaponde malowo mu Januwale asanatulutse ndalama.